MLENDO AMENE ADASANDUKA MWINI NYUMBA

M'chaka cha 1935 Nyumba ya Malamulo ya dziko la Ireland idakhazikitsa lamulo lonena kuti malo alionse ovinirapo gule wa anthu onse ayenera kuyamba alandira chilolezo kuchokera ku bwalo la milandu. Poliŵerenga, lamulolo lidaoneka laling'ono, longofuna kulongosola za maholo. Koma m'midzi ya kumadzulo kwa dzikolo lidagwa ngati nkhwangwa patsinde pa mtengo, pakuti kumeneko anthu sankavinira m'maholo ai. Ankavinira m'nyumba zao pafupi ndi moto, ndipo gule amene ankamukonda koposa onse adali wotchedwa seti. Chodabwitsa m'mbiri ya guleyu nchakuti amene adatsala pang'ono kumupha sadali atsamunda a ku Britain amene adalamulira chilumbacho zaka mazana ambiri. Adali eni dziko okhaokha: ansembe, aphungu, ndi anthu ophunzira amene adadzipereka kuteteza chikhalidwe cha mtundu wao.

Seti ndi gule wa anthu asanu ndi atatu, amuna anai ndi akazi anai. Amaima aŵiriaŵiri, mwamuna ndi mkazi, kumbali zinai monga makoma a nyumba, onse atayang'ana pakati. Guleyu amagaŵidwa m'ndime, kaŵirikaŵiri zisanu kapena zisanu ndi imodzi, ndipo pakutha pa ndime iliyonse oimba amaleka pang'ono kuti ovina apume. M'kati mwa ndime ovina amaloŵa pakati ndi kubwerera, amasinthana malo, amapatsana manja ngati unyolo, kapena amagwirana aŵiri ndi kuzungulira mwaliŵiro ngati nguli. Pakasoŵa munthu mmodzi gule sayenda, ndipo wina akaphonya phazi, asanu ndi aŵiri enawo ndiwo amamubwezera m'njira. Omvera asamusokoneze ndi gule wina uja wa thupi loongoka ndi manja otsitsidwa m'mbali, amene dziko lonse lidamudziŵa kupyolera mu Riverdance kuyambira mu 1994. Ameneyo ngwa akatswiri ndi oonerera, pamene seti ngwa anansi.

Kwao kwenikweni kwa guleyu ndi ku France. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 anthu olemera a mu mzinda wa Paris ankavina gule wofatsa wotchedwa quadrille, wa ndime zisanu, woyenda mwaulemu ndi moŵeramirana. Nkhondo za Napoleon zitatha mu 1815, akuluakulu a asilikali ndi anthu ena achuma amene adakhalako ku France adabwerera naye kwao, ndipo pofika 1816 adali atayamba kuvinidwa mu London ndi mu Dublin. Nthaŵi imeneyo dziko lonse la Ireland lidali pansi pa ufumu wa Britain. Minda yambiri idali m'manja mwa eni malo oŵerengeka okhala m'nyumba zikuluzikulu, pamene unyinji wa anthu unkalima timinda ta lendi ndi kugona m'tinyumba tofolera ndi udzu. Quadrille adafikira m'nyumba zikuluzikuluzo, ndipo palibe akadaganiza kuti tsiku lina adzavinidwa ndi mapazi a nsapato zolimira.

Amene adamutsitsira kumudzi adali aphunzitsi a gule oyendayenda. Anthu ameneŵa adalipo kale quadrille asadafike. Mngelezi wina wolemba za ulimi, Arthur Young, amene adayendera Ireland pakati pa 1776 ndi 1779, adasimba kuti ngakhale amphaŵi enieni ankalipira timakobidi kuti ana ao aphunzire kuvina, ndi kuti mphunzitsiyo ankayenda khomo ndi khomo pamodzi ndi woimba wake, amene nthaŵi zambiri adali wakhungu. Mphunzitsi aliyense adali ndi dera lake, ndipo akafika pamudzi ankakhala masabata angapo, kugona lero pano maŵa apo. Akuluakulu amasimba kuti mwana akamalephera kusiyanitsa phazi lamanja ndi lamanzere, mphunzitsi ankamumanga udzu kuphazi lina ndi phesi kuphazi linalo, nkumatchula udzu kapena phesi poŵerenga. Kuti asasoŵe ophunzira, aphunzitsiwo ankafunafuna zatsopano, pakuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Motero adatola quadrille m'nyumba za olemera napita naye m'midzi.

Kumudziko mlendoyo sadachedwe kusintha maonekedwe. Oimba a kumeneko sankadziŵa nyimbo za ku Paris, choncho adaika zao zomwe, zimene mitundu yake imatchedwa reel, jig ndi hornpipe, ndipo zonsezo nzothamanga kuposa zoyamba zija. Nyimbo ikathamanga, phazi silingayende moŵerama. Kuyenda kwaulemu kuja kudasanduka kuponda kwamphamvu, ndipo dera lililonse lidaumba guleyo monga mwa kuimba kwake. M'chigaŵo cha Clare, kumene seti yotchuka ndi Caledonian, amuna adazoloŵera kugogoda pansi ndi chidendene ndi zala za kuphazi, kotero kuti mapazi adakhala ngati ng'oma yoyankha vayolini. Ku Sliabh Luachra, dera la mapiri kumalire a Cork ndi Kerry, anthu adakonda nyimbo za polka, zimene zidafika m'zaka za m'ma 1840, ndi zina zotchedwa slide. Ku Connemara kudali seti yakeyake, ku Tipperary kudali ya Cashel. M'nyumba yochepa, momwe anthu asanu ndi atatu sakadakwana, ankavina anai okha nkumati ndi theka la seti. Patatha mibadwo iŵiri, munthu wodziŵa ankatha kuzindikira parishi imene wovina wachokera pongoyang'ana mapazi ake.

Bwalo lenileni la guleyu lidali khitchini. M'nyumba ya kumudzi ku Ireland khitchini ndiye chidali chipinda chachikulu, mophikira, modyera ndi molandirira alendo, ndipo moto wake sunkazima. Pakakhala ukwati, pakatha ntchito yokolola kapena yopuntha mbeu, ngakhale pakabwera mwana amene adali kunja, tebulo ankalikankhira kukhoma, woimba vayolini, chitoliro kapena kodiyoni yaing'ono yotchedwa concertina ankamukhazika pangodya, ndipo gule ankachezera mpaka mbandakucha. Patsogolo pa moto pankakhala mwala waukulu wathyathyathya, ndipo m'nyumba zina omanga ankakwirira mphika wachitsulo kapena chibade cha kavalo pansi pa mwalawo, kuti katswiri akapondapo phazi lake limveke bwino. Okalamba ankakhala chapafupi ndi moto kumayamikira kapena kudzudzula, ana ankasuzumira mpaka tulo titaŵagwira, ndipo mai wa panyumbapo ankagaŵa tiyi ndi buledi pakati pa usiku. Sukulu ya gule idali yomweyo. M'miyezi yofunda achinyamata ankasonkhananso pa mphambano za miseu Lamulungu madzulo, nkumavina panja.

Si magule onse amene adali achimwemwe. Kuyambira mu 1845 matenda adagwira mbatata ya kachewere, ija ambiri amaitcha airishi, imene idali chakudya chokhacho cha amphaŵi. Pa anthu oposa 8 miliyoni amene adali pachilumbacho, pafupifupi miliyoni imodzi adafa ndi njala ndi matenda, ndipo enanso oposa miliyoni adathaŵira kutsidya kwa nyanja. Njala itatha, kusamuka sikudathe. M'mibadwo yotsatira padabadwa mwambo wakuti mnyamata kapena mtsikana akamanyamuka kupita ku America, usiku wake womaliza anansi ankasonkhana kwao monga amachitira pa maliro, ndipo dzina la mwambowo lidali lomwelo, maliro a ku America. Ankavina maseti usiku wonse, bambo nkuvina ndi mwana wake wamkazi podziŵa kuti mwina sadzaonananso, ndipo kukacha ankamuperekeza akulira. Gule amene anthu avinira pa ukwati ndi pa kulekana kotere sangakhalenso mlendo pakati pao.

Komabe padali ena amene sadaiŵale kumene adachokera. Mu 1893 Douglas Hyde, Eoin MacNeill ndi anzao adayambitsa bungwe la Gaelic League kuti apulumutse chiyankhulo cha Chiairishi, chimene chinkamezedwa ndi Chingelezi. Ntchito yao idali yaikulu ndi yolemekezeka, ndipo idathandiza kudzutsa mtima wofuna ufulu. Mu 1897 nthambi ya bungwelo ya ku London idachititsa msonkhano wa gule ku Bloomsbury Hall, niutcha céilí, mau amene kumudzi ankatanthauza kucheza kwa madzulo panyumba ya mnansi. Pa msonkhano woyambawo maseti adavinidwa ndithu. Koma posakhalitsa mkangano udabuka wakuti gule weniweni wa mtunduwo ndi uti, ndipo mbali imene idapambana idagamula kuti seti ngwobwera, mwana wa quadrille, wosayenera pa msonkhano wa okonda dziko. M'malo mwake adasankha magule ena a m'mizere ndi m'magulu, ena otoledwa m'midzi, ena okonzedwa mwatsopano, monga Walls of Limerick ndi Siege of Ennis. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 adakhazikitsa bungwe loyang'anira magule, ndipo mu 1939 lidatulutsa buku loyamba la magule ovomerezeka, amene pomaliza adakwana 30. Seti mudalibemo ndi imodzi yomwe. Motero mlimi wa ku Clare, amene agogo ake adavina Caledonian, adauzidwa ndi anthu a m'tauni kuti gule wakeyo si wa Chiairishi.

Mdani wachiŵiri adali wamphamvu koposa. Mbali yaikulu ya Ireland italandira ufulu wodzilamulira mu 1922, Mpingo wa Katolika udali ndi mau aakulu pa moyo wa anthu, ndipo atsogoleri ake adali ndi nkhaŵa ndi magule a usiku. Magalimoto adali atayamba kuchuluka, achinyamata ankatha kupita kutali ndi maso a makolo, ndipo nyimbo za jazz zinkaloŵa kuchokera ku America. Mu 1925 maepiskopi adalemba kalata yodzudzula zoipa za m'magule, yoti iŵerengedwe m'matchalitchi. M'midzi yambiri okalamba adakumbukira kwa nthaŵi yaitali wansembe akutulukira pa mphambano ndi ndodo m'manja, ovina nkubalalikira m'minda. Pa 1 January 1934 anthu zikwi zingapo adaguba m'tauni ya Mohill, m'chigaŵo cha Leitrim, motsogozedwa ndi Bambo Peter Conefrey, potsutsa jazz. M'chigaŵo chomwecho holo ya James Gralton, munthu wa maganizo a chikomyunizimu amene ankachititsamo misonkhano ndi magule, idatenthedwa mu 1932, ndipo mwini wakeyo adapirikitsidwa m'dziko lobadwira mu 1933 popanda kuzengedwa mlandu. Padapita zaka zoposa 80 kuti Pulezidenti Michael D. Higgins, mu 2016, anene poyera kuti boma lidalakwa.

Umu ndimo lidabadwira lamulo la 1935 lija. Cholinga chake chidali jazz ndi maholo osalongosoka, koma msampha wotchera nyani udakola mbuzi ya pakhomo. Kumudzi kudali chizoloŵezi chakuti banja losauka, kapena la mai wamasiye, lichititse gule ndi kulandira kandalama kochepa pakhomo, mwina pochita mpikisano wa makadi wolimbirana tsekwe kapena nkhukundembo. Kandalama kameneko kadakwanira kuti guleyo aŵerengedwe kukhala wa anthu onse. Khitchini ya udzu sikadalandira chilolezo, choncho apolisi adayamba kugogoda pazitseko, ndipo eni nyumba ankatengeredwa ku khoti ndi kulipitsidwa. Sipadafunike milandu yambiri, pakuti mantha ndi manyazi zidagwira ntchito yotsalayo. Nthaŵi yomweyo maparishi ambiri adamanga maholo aoao, kumene gule ankayang'aniridwa, ndalama za pakhomo zinkathandiza parishi, ndipo boma linkatengako msonkho. M'holo yaikulu woimba mmodzi wa vayolini sankamveka, okalamba adalibe moto wouwotha, ndipo ana sankaloledwa. Junior Crehan, mlimi ndi katswiri wa vayolini wa ku Clare amene adabadwa mu 1908, adadandaula za lamuloli moyo wake wonse, kufikira adapeka nyimbo yolira gule wa m'nyumba.

Wailesi nayo idachitapo mbali ziŵiri. Nyumba youlutsira mau yoyamba ya dzikolo, 2RN, idatsegulidwa pa 1 January 1926, ndipo mkulu wake woyamba, Séamus Clandillon, adalimbikitsa magulu a oimba ambiri pamodzi, otchedwa céilí band, amene ankamveka bwino pa wailesi ndi m'holo momwe. Magulu ena, monga la Kilfenora ndi la Tulla, onse aŵiri a ku Clare, adatchuka m'dziko lonse ndipo adasunga nyimbo zambiri. M'zaka za m'ma 1950 padali ngakhale pologalamu yotchedwa Take the Floor, m'mene muulutsi wodziŵika ndi dzina lakuti Din Joe ankaitana ndime za gule, omvera nkumangomva kugunda kwa mapazi. Koma bokosi lomwelo lidaphunzitsa anthu kukhala pansi ndi kumvera, m'malo moitana woimba wa pamudzi. Magetsi adayamba kufalikira m'midzi mu 1946. Pakati pa 1951 ndi 1961 anthu oposa 400,000 adachoka m'dzikomo, ambiri kupita ku England, mwakuti m'midzi ina kupeza achinyamata asanu ndi atatu kudali kovuta. Otsalawo adatengeka ndi magulu a magitala ndi malipenga ovala masuti oŵala, oimba m'maholo atsopano. Pofika zaka za m'ma 1960 maseti ambiri adangotsala m'mitu ya nkhalamba.

Moto ukazima pamwamba, makala amatsala m'phulusa. Kumadzulo kwa Clare, ku Kerry ndi m'madera ena akutali anthu sadaleke kuvina pa maukwati ndi m'nyumba zomwera moŵa. M'mudzi wa Knocknagree, m'chigaŵo cha Cork, Dan O'Connell adatsegula chitseko cha nyumba yake ya moŵa kwa ovina kuyambira m'zaka za m'ma 1960, ndipo Johnny O'Leary adaŵaimbira kodiyoni sabata ndi sabata kwa zaka makumi angapo. Bungwe la Comhaltas Ceoltóirí Éireann, limene lidayambira ku Mullingar mu 1951, lidabwezera ulemu kwa oimba a kumudzi kupyolera m'zikondwerero zake za chaka ndi chaka. Kenaka bungwe la maseŵera a makolo la GAA lidayambitsa mipikisano ya Scór mu 1969, ndipo m'zaka zotsatira maseti adaloŵamo. Parishi iliyonse yofuna chikho idayenera kukagogoda kwa nkhalamba zake kukafunsa mmene seti ya kwao inkayendera. Apa mpamene zidaoneka kuti mau a akuluakulu akoma akagonera.

Kudzuka kwenikweni kudachitikira m'tauni yaing'ono ya Miltown Malbay, ku Clare. Kumeneko kudabadwira Willie Clancy, mmisiri wa matabwa ndi katswiri wa zitoliro zopopa ndi chigongono, ndipo atamwalira mu 1973 anzake adayambitsa sukulu ya nyimbo ya sabata imodzi, yochitika mwezi wa July, pomukumbukira. Mu 1982 Joe O'Donovan wa ku Cork adayamba kuphunzitsa maseti pa sukuluyo. Anthu a m'mizinda, aphunzitsi, anamwino ndi makalaliki, amene makolo ao adasiya guleyo kumudzi pamodzi ndi umphaŵi, adamulandira ndi manja aŵiri. Mu Dublin mudabuka makalasi a madzulo, ndipo wotchuka koposa pakati pa aphunzitsi adali Connie Ryan wa ku Tipperary, amene ankayenda m'midzi kufunafuna okalamba okumbukira ndime zoiŵalika, kufikira imfa yake mu 1997. Nthaŵi zina seti yathunthu inkalumikizidwa kuchokera kwa anthu atatu kapena anai, uyu akukumbukira ndime yoyamba, uyo yomaliza. Mabuku adatsatira, monga la Larry Lynch mu 1989 ndi Toss the Feathers la Pat Murphy mu 1995. Kuchokera apo guleyo adaoloka nyanja kupita ku England, America, Germany, Italy, Australia ndi Japan.

Chipulumutso chimenechi chidali ndi mtengo wake. Kale munthu ankadziŵa seti imodzi kapena ziŵiri, za kwao, ndipo ankazivina moyo wake wonse kufikira thupi lidazidziŵa lokha, mtima nkumakhala pa nyimbo ndi pa mnzake. Wovina wa m'kalasi amaphunzira maseti makumi angapo, ndipo kaŵirikaŵiri amadalira munthu woima kutsogolo ndi chokuzira mau kumuuza chotsatira. Akuluakulu ena amene adaphunzitsa achinyamataŵa adadandaula poona kuti liŵiro lachuluka, kuti kugogoda kwa ku Clare kwaloŵa m'maseti a madera amene sankagogoda, ndi kuti mapazi a Cork, Galway ndi Dublin ayamba kufanana. Buku limasunga dongosolo la ndime, koma silingasunge kapondedwe ka parishi. Chimene lamulo la 1935 lidaononga, ndiko kukhala pamodzi kwa agogo, makolo ndi ana m'chipinda chimodzi usiku wa gule, sichidabwerere monga chidaliri.

Ngakhale zili choncho, mlandu uja wakuti seti ngwa Chiairishi kapena ai udatha wokha, popanda bungwe kapena khoti kuugamula. Amene adaukana adayang'ana kumene guleyo adabadwira, pamene anthu a kumudzi adayang'ana amene adamulera, ndipo mbiri idavomereza a kumudziwo. Umboni wake uli m'mau amene ovina amagwiritsa ntchito mpaka lero. Malo amene mwamuna ndi mkazi amaimapo poyamba seti amatchedwa kwao, ndipo ndime iliyonse imatha iwo atabwerera kwao. Aŵiri akagwirana ndi kuvina mozungulira bwalo lonse, amati akuzungulira nyumba. Kale mauwo ankatsagana ndi chenjezo lanthabwala lakuti asamale kabati ya mbale. M'maholo a ku Dublin, Milan kapena Tokyo mulibe kabati, mulibe moto, mulibenso mwala wokwirira mphika pansi pake, koma anthu asanu ndi atatu akaima mbali zinai, nyimbo nkuyamba, amazungulirabe nyumba ija ya udzu ya kumadzulo kwa Ireland.